Kasupuni ka Masana

M'nyumba imene anakulira Mzime munalibe chamanyazi. Izi ndiyambe ndanena, chifukwa anthu a pakamwa pothamanga akangomva kuti mwana walakwa, chala chimalunjika kwa makolo. Apa musaloze. Bambo ake anali osoka nsapato, munthu wa phee, wokhala pakhonde tsiku lonse ndi ulusi, guluu ndi kanyundo. Mayi ake ankachapa ndi kusita zovala za anthu, ndipo malaya otuluka m'manja mwawo ankachita kuima okha. Pakhomopo ankapemphera asanadye, ankapepesana akalakwirana, ndipo mbale sinkagona yakuda.

Ana analipo awiri, onse aakazi. Wamkuluyo anakwatiwa, nakhala zaka osanyamula mwana. Mimba zinkangochoka. Anthu analankhula mpaka malilime kutopa. Kenako Mulungu anamukumbukira, kunabadwa kamnyamata kamasaya, kadazi, kosekerera aliyense. Agogo ake aamuna anakatcha Bwana, ati chifukwa kakangotsokomola nyumba yonse imaimirira.

Wamng'onoyo ndiye ankangomuti Mzime, poti ndiye anatseka. Mtsikana ameneyu anali ndi manja a ana. Khanda lolira mpaka kuuma, amake atalephera, iye akangolinyamula n'kuliika paphewa, basi, lii, lagona. Kutchalitchi azimayi ankachita kumusakasaka. Bwana ndiye osanena. Akamva mawu a Mzime pakhomo ankaponya timiyendo ngati akupalasa njinga.

Ndiye atamaliza sukulu n'kupezeka ntchito kumalo osungirako ana a anthu opita kuntchito, aliyense anati ntchito yapeza mwini wake. Mayi ake okha ndi amene anaima naye pakhomo m'mawa woyambawo, akumukonza kolala.

"Ana sakakuvuta iwe, ndikudziwa," anatero. "Ine ndikuopa akuluakulu. Ukaone amene ukakhale nawo. Ukaona kuti zochita zawo sungazichite ine ndikuona, ubwerere. Kuno sunathamangitsidwe."

"Amayi, inunso. Ndikupita kolera ana, osati kundende."

Anaseka onse awiri.

Malowo inali nyumba wamba yogona anthu, angoipaka utoto ndi kujambula abakha pageti. Pabalaza anayalapo timatiresi, pakona timipando, kubafa timapoti mndandanda. Kuseri kunali chingwe cha matewera ndi benchi pamthunzi. Mwini wake, amene onse ankamuti Madamu, ankabwera m'mawa kudzamwetulira makolo pageti. Kholo lomaliza likangokhota, nayenso m'galimoto, ulendo. Otsala ndi ana anali awiri: Anti a Wigi, mayi wamkulu thupi, wa zikhadabo zofiira ndi tsitsi logula lofika kumsana, ndi Anti Wamfupi, amene ntchito yake yeniyeni inali kuseka chilichonse chimene a Wigi anena.

"Ndiwe watsopano uja? Tatembenuka tikuone," anatero a Wigi. "Iii, siketi mpaka m'mapazi! Mnzanga, atitumizira sisitere."

Wamfupi anaseka mpaka kugwira khoma. Kuyambira pamenepo dzina linali Sisitere.

Mzime anagwira ntchito ngati mmene anaphunzirira kwawo. Wina kumsana, wina m'manja, wina atagwira siketi. Kupukuta mamina, kusintha matewera, kuimba, kudyetsa phala pang'onopang'ono mpaka mwana ameze. Pofika masana msana unkachita kuyaka. Koma chinamudabwitsa n'chakuti ana akangodya, nyumba yonse inkati zii. Ana odzaza balaza, ena ongoyamba kukwawa, ena olongolola kale, onse gone nthawi imodzi ngati awathira madzi. Inu amene munalerapo, munaonapo zimenezo? Ana awiri okha kuwagoneka pamodzi ndi nkhondo.

"Anti, kodi ana a kuno amagona bwanji chonchi?"

"Timawapempherera, Sisitere. Si ndiwe wodziwa mapemphero?"

Sipanapite nthawi anaona yekha pempherolo. Kukhitchini, kuseri kwa chitini cha mkaka, kunali botolo la mankhwala a chifuwa, otsekemera aja, ogwetsa tulo. A Wigi ankayenda nalo mwana ndi mwana, wodwala ndi wosadwala yemwe, kasupuni m'kamwa, kasupuni m'kamwa. Wokana ankamutsina mphuno mpaka ayasamule.

Mzime anagwira pakamwa. "Anti! Anawa sakudwala!"

"Nanga ndati akudwala? Akudwala ndine, mutu. Tamvera mwanawe, ine ntchito ino ndinayamba iwe ukadanyowetsa mphasa. Palibe anafapo. Amagona, amadzuka, amawo amabwera, aliyense wasangalala. Ukufuna uzivina nawo mpaka madzulo? Vina."

"Ine sindingapatse mwana zimenezo."

"Wamva, mnzanga? Sangapatse. Chabwino, Sisitere. Ako ndi awo ali pakonawo. Uwagoneke ndi nyimbo."

Ndipo anamusiyira ana olira kwambiri, osawapatsa kanthu dala. Iwo n'kupita pabenchi, kutsegula mbale zawo, kuyatsa nyimbo pafoni, miyendo tambalale. Mzime m'katimo thukuta kamukamu, uyu akatonthola uyo wayamba. Chakudya chake chinkabwerera kunyumba chosakhudzidwa. Akatuluka kukayanika matewera, nkhani pabenchi inkaduka. Akatembenuka, kuseka kumsana. M'mawa akawapatsa moni ankayankha ndi mphuno. Madamu anauzidwa kuti mtsikana watsopanoyu ndi wochedwa, ana ake sagona, akusokoneza anzawo.

"Ndamva kuti ntchito ikukukanika," anatero Madamu pageti, akumwetulirabe makolo. "Uziphunzira kwa anzako. Amenewa ndi akale."

Apa ndi pamene mtsikana wanzeru akanapita kwa mayi ake n'kunena zonse. Koma Mzime anachita manyazi. Aziti chiyani anthu, wa manja a ana uja ntchito ya ana yamulaka? Anangoti pakamwa tseke. Ndipo kusalidwa kumapweteka, abale, tisanamizane. Kumenyedwa kuli bwino, umadziwa pamene pakuwawa.

Tsiku lina kunatentha, ndipo kamtsikana kena kanalira kuyambira m'mawa osapuma. Mzime anakabereka, anakayendayenda nako, anakaimbira mpaka mawu kusasa. Kenako anangokhala pansi pakati pa balaza, misozi ili mbwembwembwe, iye kulira, mwana kulira. A Wigi analowa mwakachetechete. Sanamunyoze. Anamugwira paphewa, mawu ofewa ngati a mayi.

"Taona mmene wathera, mwana wa anthu. Ukudzipheranji? Amake ali muofesi mozizira, akudya zabwino. Iwe ukufa ndi mwana wa eni. Ndi tulo chabe. Tulo ndi tchimo?"

Anamuika supuni m'manja, yothira kale. Mzime anayang'ana supuniyo, anayang'ana mwana. Mankhwala ena anadonthera pamatiresi. Otsalawo analowa m'kamwa mwa mwana.

Posakhalitsa mwana anali lende paphewa.

"Wabatizidwa!" anakuwa Wamfupi kuseri. "Sendera, sendera, Sisitere akhale!"

Anamupatsa malo pakati pawo. A Wigi anamugawira nyama ya m'mbale mwawo, anamumasula tsitsi n'kuyamba kumuluka, akumuuza kuti nkhope yakeyi ndi yabwino, ikungofuna kuisamala. Anamufotokozera nkhani za makolo onse, uyu mwamuna wake anathawa, uyo galimoto si yake. Mzime anaseka. Anali asanaseke chiyambire ntchito. Mphepo inkawomba bwino pamthunzipo, m'nyumba muli zii. Mumtima anati, kamodzi kokha aka.

Mawa lake anapatsa awiri. Mwezi usanathe botolo ankayenda nalo ndi iye, a Wigi ali pabenchi kupenta zikhadabo.

Kunyumba anayamba kuona. Siketi inakwera, milomo inafiira, koma zimenezo n'zazing'ono, nsalu siipha munthu. Chimene chinasintha ndi pakamwa ndi manja. Tsiku lina kamwana ka aneba kanalowa m'nyumba kakulira, kakufuna Mzime monga kale. Iye anakagwira dzanja limodzi, kukanyamula ngati thumba, kukaponya panja.

"Tizilombo timeneti! Ndatopa nato kuntchito, ndizitipezanso kuno? Mxii!"

Mayi ake anaimika simbi. "Watiti chiyani?"

"Ndangonena, amayi."

"Ayi, bwereza. Mawu amenewo si ako. Ine ndinakubala, mawu ako ndimawadziwa. Wabwereka pakamwa pa ndani?"

"Amayi, inu simudziwa ana. Munalera awiri basi. Ife timakhala ndi gulu."

"Ife? Ife ndi ndani?"

Bambo ake analankhulira pakhonde, maso ali pa nsapato imene ankasoka. "Mzime, munthu akandibweretsera nsapato yobwerekana, ndimadziwa. Chikopa chimapindikira phazi la amene waivala kwambiri, ndipo chikapindika sindingachibwezenso, ngakhale ndimenye bwanji. Iwe wina akukuvala, mwana wanga. Siya ntchito imeneyo. Ina ipezeka."

"Ababa, ine si nsapato."

Analowa kuchipinda, chitseko pha! M'nyumba imene chitseko chinali chisanamenyedwepo.

Kuntchito zinthu zinkayenda. Madamu anamuyamikira kuti tsopano wakhwima. Tsiku lina madzulo mayi wina, wooneka wotopa, anaima pageti mwana ali khoba paphewa.

"Anti, pepani, ndifunse nawo. Mwanayu masiku ano akafika kunyumba sayamwa, maso ali lobodo, mutu kumangogwa. Kodi masana amakhala bwanji?"

A Wigi anali atamuphunzitsa kale lamulo la pamalopo: kholo likafunsa, iwe sukudziwa kanthu, ukane mpaka dziko lithe. Koma tsikulo a Wigi sanafunike n'kutsegula pakamwa komwe. Mzime anamwetulira, kumusisita mwana tsaya.

"Ameneyu? Iii, mayi, ndiye katswiri wosewera! Tsiku lonse kukwawa, kuseka, sapuma. Akafika kwanu watheratu. Ndi kukula kumeneko, musadandaule."

Mayiyo anathokoza, mpaka kupepesa chifukwa chofunsa. Atachoka, a Wigi anamumenya Mzime pamsana. "Iwe ndiye wandiposa! Ine bodza langa limachita kuoneka. Lako ngati ukuwerenga vesi."

Ndipo Mzime anamva kukoma. Tamvani bwino pamenepo. Anamva kukoma.

Kenako kunabwera mtsikana wina watsopano, wakhungu lakuda bii, wamanyazi, nsapato zake zafumbi. Amene anamulandira ndi Mzime.

"Tatembenuka tikuone. Iii, anzanga, uyu ndiye amuchotsa kumunda lero lomwe!"

Wamfupi anaseka mpaka kugwira khoma. Masana Mzime anamuika supuni m'manja. Mtsikanayo anayang'ana botolo, anayang'ana ana, n'kuika supuni patebulo.

"Izi ine ayi."

"Udzatopa wekha. Tonse tinayamba choncho."

"Ndiye ndisayambe." Anatenga kachikwama kake, kutsegula geti, osatembenuka. Anapita wapansi, dzuwa lili pamutu, ntchito ya tsiku limodzi losakwana.

Pabenchi anamuseka masana onse. Mzime ndiye anaseka kwambiri, koma chakudya anachisiya m'mbale. Geti lomwelo, losakiya, iye ankalidutsa tsiku ndi tsiku.

Loweruka lina mkulu wake anafika kwa makolo m'mawa, Bwana ali kumsana. Ankagulitsa m'sitolo, ndipo tsikulo anamuitana mwadzidzidzi. Mwamuna wake anali pa ulendo. Bambo anali atapita kukagula zikopa, mayi akukonzeka kukapereka zovala za eni.

"Mzime, ndigwirire Bwana mpaka ndiweruke. Ali ndi chifuwa, usiku sanagone. Kuchipatala atipatsa mankhwala, ndamumwetsa kale, usamupatsenso kalikonse. Ukangomva kuti kupuma kwasintha, undiimbire. Ukumva?"

"Eee, asisi," anatero Mzime, maso ali pafoni. A Wigi anali atalemba kuti ali ku saluni ya pakona, abwera ndi tsitsi latsopano, afike adzaone.

"Wamva chiyani?"

"Ndamva, asisi! Ana ndi ntchito yanga, mwaiwala?"

Mkulu wakeyo anapsompsona mwana pa dazi, anatuluka, anabwereranso kudzamupsompsona kachiwiri, n'kuthamangira basi. Mayi nawo ananyamula mtolo wawo.

Bwana anayamba kulira. Thupi linali lofunda, mphuno zotseka, akutambasula manja kuti amunyamule. Kale Mzime akanamuika pachifuwa, n'kumayenda naye m'nyumba mpaka agone. Tsikulo anamuyang'ana ngati mmene a Wigi amayang'anira ana.

"Iwenso usandiyambe. Lero ndi tsiku langa lopuma."

M'nyumbamo munalibe Anti a Wigi. Panalibe womunyoza, panalibe womunyengerera, panalibe womuika supuni m'manja. Sankafunikanso. Botolo linali m'chikwama mwake, chifukwa masiku amenewo wogula anali iye. Kasupuni ka kuntchito kanatsala kuntchito, ndiye anatenga supuni ya m'kabati ya amayi ake, yodyera. Bwana anakana, anapotoza mutu. Mzime anamutsina mphuno.

Mwana analirabe. Foni inalira, a Wigi: "Ukubwera kapena wabwerera ku usisitere?" Mzime anathiranso ina.

Kulira kunayamba kutsika, kutsika, mpaka zii. Anamugoneka pabedi la amayi, anamufunditsa bwinobwino, anadzola milomo, anakoka chitseko. Mumtima anati ndi pakona pomwepa, ndingosuzumira.

Ku saluni kunali nyimbo, zakumwa zozizira ndi nkhani. Anamuyesa tsitsi latsopanolo, onse kukuwa kuti wakhala ngati wa pa kanema. Anadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali. Dzuwa linapendeka iye osaona.

Pobwerera anapeza mayi ake akungofika, akutula dengu pakhonde.

"Mwana wamusiya ndi ndani?"

"Wagona, amayi. Ndinangofika apa."

"Wagona kuyambira liti, mwana wachifuwa?"

Analowa kuchipinda. Mzime anatsala pabalaza, akuvula nsapato. Anamva mayi ake akuitana mwachikondi, "Bwana, Bwana wanga, dzukani agogo abwera." Anamva akuitananso, mawu atasintha. Kenako kukuwa kumene Mzime anali asanakumvepo chibadwire.

Mwana anali lende ngati nsalu yonyowa, milomo yotuwa, kupuma kwa patalipatali. Aneba anatulutsa galimoto. Njira yonse mayi ankamupuzira kumaso, kumusisita timapazi, kutchula dzina la Yesu. Mzime anakhala pambali, chikwama atachikumbatira pamimba.

Kuchipatala anamulanda mwana m'manja n'kuthamanga naye. Adokotala, bambo wa imvi, anatulukanso msangamsanga.

"Anali ndi mwanayu ndani?"

"Ine," anatero Mzime.

"Wamwa chiyani? Ndiuzeni msanga, ndidziwe chochita. Mankhwala, mafuta a nyale, chilichonse. Sindikufuna kukuweruzani, ndikufuna mwana."

Botolo linali pamimba pake pomwepo, ankalimva kulimba kwake. Pakamwa panatseguka. Ndipo chimene chinatuluka ndi chimene anachiphunzira, chosalala, chaulemu, ngati vesi.

"Palibe, adokotala. Anangodya phala n'kugona."

"Mukunenetsa?"

"Ndithu."

Adokotala anamuyang'ana, n'kubwerera m'kati kukafufuza mumdima chinthu chimene chinali m'chikwama panja pa chitseko chawo.

Mzime anazemba kupita kuseri kwa chimbudzi, kuimbira a Wigi foni.

"Anti, mwana wa asisi sakudzuka. Ndinamupatsa kasupuni. Tili kuchipatala. Nditani?"

Kumbali inayo nyimbo zinazima. "Kasupuni kanji?"

"Anti, kaja timapatsa..."

"Timapatsa ndi ndani? Iwe, usanditchule. Ine sindinakutume kwa mwana wa mkulu wako. Taya botolo, utseke pakamwa, ndipo nambala ino uifufute."

Foni inaduka. Anaimbanso, osalowa.

Pobwerera anapeza mkulu wake wafika, yunifolomu ya kusitolo ili m'thupi, nsapato imodzi palibe. Sanakuwe. Anagwada pansi pa simenti pamaso pa mng'ono wake, anthu onse akuona, n'kumugwira mapazi.

"Mzime, mng'ono wanga, ndiwe wekha unali naye. Kaya anagwa, kaya wameza kanthu, sindikukwiyira, ndikulumbira. Ungonena. Ndinamudikira zaka, iwe ukudziwa. Ndilibenso wina. Nena, amuthandize."

Mzime anayang'ana pamutu pa mkulu wakeyo, amene ankamubereka popita kusukulu. Anatsegula chikwama, kutulutsa botolo, lotsala pang'ono pansi.

Mayi ake anagwira khoma. Anesi analanda botolo n'kuthamanga.

Anadikira pabenchi la chipatala. Bambo anafika ndi zikopa zawo kukhwapa, anakhala pansi, chipewa m'manja. Dzuwa lisanalowe adokotala anatuluka, akuyenda pang'onopang'ono. Anthu akamayenda choncho m'chipatala simufunsanso.

Anaima pamaso pa Mzime. "Ndinakufunsani mutangofika," anatero. "Nthawi yomupulumutsa inalipo."

Anatembenuka n'kubwerera m'kati.

Apolisi atapita kosungira ana kuja anapeza kukhitchini kuli mbee, kuseri kwa chitini cha mkaka kulibe kanthu. Madamu anagwira pachifuwa, ati malo ake ndi aulemu, sanamvepo zoterozo. A Wigi analira misozi yeniyeni, ati mtsikanayo ankamukayikira kale, ankabwera ndi mabotolo m'chikwama, iwo anamulangiza ngati mwana wawo koma sanamve. Wamfupi anavomereza mawu ndi mawu. Wogulitsa mankhwala anati nkhope imene amaidziwa ndi ya Mzime. Mayi wotopa uja anabwera yekha kudzanena kuti amene anamunamiza pageti, akumusisita mwana tsaya, ndi Mzime. Ndipo zonsezo, kupatula misozi ya a Wigi, zinali zoona.

Bwana anaikidwa Mzime ali m'chitokosi. Mkulu wake sanabwere kukhoti, sanabwere kundende, ndipo dzina la mng'ono wake salitchula mpaka lero. Banja lake silinalimbe. Bambo anasiya kukhala pakhonde, ati maso a anthu odutsa akuwalemera, ndipo makasitomala anapita kwina.

Amene ankapita kukamuona Mzime kundende ndi mayi ake okha. Ulendo woyamba anakhala moyang'anana, waya pakati, Mzime atametedwa, atavala zoyera za kumeneko.

"Amayi, si ine. Ndi Anti a Wigi. Ndi amene anandiphunzitsa, ndinkakana ine, amayi, ndinkakana..."

"Ndikudziwa kuti unkakana."

"Ndiye muwauze asisi."

"Ndikawauze chiyani? M'nyumba mwanga munalowa a Wigi? Kabati yanga anatsegula ndi a Wigi? Adokotala anafunsa a Wigi?" Mayiwo sanakweze mawu. "Mayi ameneyo anakuphunzitsa, eee, ndipo Mulungu akamufunsa. Koma iwe unkapita wekha m'mawa uliwonse kukaphunzira. Ndinakuuza kuti kwanu sunathamangitsidwe."

Mzime anatsamira waya, analira mpaka woyang'anira anabwera kudzamuchotsa. Akuti masiku ano amapemphera, ndipo ndi bwino, Mulungu sakana munthu. Koma pemphero silidzutsa Bwana. A Wigi ali pa malo ena osungira ana, tsitsi lina, zikhadabo zomwezo, ndipo makolo amawapatsa moni pageti.

Tsono inu ana amene mukuwerenga izi, musadzinamize kuti ine ndine wolimba, ndingokhala nawo koma zawozo sindichita. Mzime anali wabwino kuposa ambiri a inu, ndipo anachokera pakhomo pabwino kuposa pa ambiri a inu. Sanasanduke tsiku limodzi. Anayamba n'kuopa kusekedwa, kenako kuseka nawo, kenako kulankhula ngati iwo, mpaka manja ake anachita okha, popanda womutuma, kwa mwana amene ankamukonda kuposa onse. Anthu oipa sabwera ndi mpeni. Amakusendezera malo, amakugawira chakudya, amakuuza kuti ndiwe wokongola, ndipo tsiku la mlandu sakudziwa.

Muwayang'anitsitse anthu amene mumakhala nawo tsiku ndi tsiku, mmene amalankhulira, mmene amagwirira wofooka, mmene amanamira. Mmene alili iwo lero ndi mmene mudzakhalire inu. Ngati simukufuna kudzakhala choncho, musadikire kuti mutsutsane nawo kaye kapena muwasinthe. Nyamukani lero, akusekeni kumsana, muzipita kwanu.